Pemphero la Bambo pa Chiwongolero

Wynberg, Cape Town
14 July 2014

Okondedwa achimwene a Dziko,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu pamodzi ndi ana. Nanga amayi, miyendo ija yayambako kupepuka? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chatipana. Mvula ya kuno ndi yosokonezeka mutu, imagwa mwezi uno pamene kwathu ku Kasungu mukuwotha dzuwa. Kuntchito ku Sea Point zovala za abwana sizikuuma, ndikungokhalira kuzisita zili zonyowa.

Ndapatsira kalatayi a Layton, anzathu a kumudzi aja, popeza akukwera basi yobwera kumeneko mawa. Pa foni sindikanatha kufotokoza. Inu mukangomva mawu akuti galimoto mumayamba kukweza mawu, ine ndimayamba kulira, mayunitsi n'kutha tisanamvane.

Munandiuza kuti pikapu ya malemu bambo mwaganiza zoigulitsa kwa anthu ogula zitsulo, akabwera kumapeto kwa mwezi wamawa. Sindikukudzudzulani ayi. Mwaivutikira mokwanira. Batire munakatchajitsa ku boma, petulo munathira watsopano, anyamata a mpira anaikankha mpaka kudambo koma osalira. Makaniko uja munamuitana anati moto sukufika ku mapulagi, mawaya onse ngofunika kusintha. Amayi nawo akuti tiisiye, galimotoyo ikulira mwini wake, chifukwa chimwalirire bambo chaka chatha sinatsokomoleko n'kamodzi komwe. Ine ndikaganiza zoti anthu aiphwanye ndi nyundo n'kuiyeza pa sikelo, chakudya sichitsika.

Tsono mverani zimene zachitika kuno. Pamalo pomwe ndimachita lendi pali bambo wina wa ku Mangochi, a Nasibu, amagulitsa zovala pafupi ndi siteshoni. Mwezi watha anagula kagalimoto kakale. Mwini wake anakabweretsa yekha, n'kukaimika pabwalo, n'kupereka makiyi. M'mawa mwake a Nasibu anavala jekete yatsopano kuti tonse tiwaone, koma atapotokola kiyi, injini inangozungulira osagwira.

Amuna onse a pamalopo anasanduka amakaniko. Wina anatsuka mitu ya batire ndi madzi otentha. Wina ananunkhiza petulo n'kunena kuti ngosakaniza. Wina anachotsa pulagi n'kuigunditsa pa chitsulo kuti aone ngati ikuthetheka, koma moto kunalibe. Ine ndinali pakhonde ndikutsuka mbale, ndipo mawu akuti moto kulibe anandikumbutsa makaniko wanu uja. A Nasibu anali atayamba kale kutukwana kuti awabera masana dzuwa likuswa mtengo.

Pomaliza anamuimbira foni amene anawagulitsa galimotoyo. Munthuyo akuti anaseka mpaka kutsamwa, n'kupepesa kuti anaiwala kuwauza. Kuno akuba magalimoto ndi ambiri, ndiye iye anabisa kaswitchi pansi pa mpando wa dalaivala. Ukapanda kukadina, ngakhale ulize mpaka batire ithe, galimoto siyankha.

Achimwene, ndinawaona a Nasibu akukhala pampando. Anawerama, chipumi n'kutsamira pa chiwongolero, dzanja lamanja n'kutsikira pansi kufufuza, maso atatsinzina. Mbale inandipulumuka. Amene ndinkawaona pamenepo anali bambo athu.

Mukukumbukira? Tisananyamuke ulendo uliwonse, kaya wopita kutchalitchi, kaya wokasiya mabelo a fodya, bambo ankavula chipewa, n'kuwerama chimodzimodzi, dzanja lamanja lili pansi. Amayi ankatitsina kuti tikhale chete, bambo akupemphera. Akadzuka ankati ameni, galimoto n'kulira kamodzi n'kamodzi. Tikafika, ankaweramanso asanatsike, ife n'kumati akuthokoza. Abusa mpaka anawatchula paguwa kuti madalaivala onse atengere chitsanzo. Ndipo ndikaganiza bwino, mwambo umenewu unayamba chaka chija akuba anafuna kuitenga pamsika wa ku Chinkhoma. Kale ankangokwera n'kumapita, akuimba mluzu.

N'chifukwa chake mwina sankalola munthu kuigwira. Inu munakwiya nawo zaka zambiri, mumati sakukukhulupirirani ngakhale munali ndi laisensi. Ine ndikuona ngati ankangosunga chinsinsi chawo, poganiza kuti nthawi yokuuzani ikadalipo. Matenda aja sanawapatse mpata wotsanzika.

Galimoto ya a Nasibu italira anthu anakuwa ndi chimwemwe, koma ine ndinalowa m'nyumba kukalira. Ndinakumbuka fungo la m'pikapu muja, la fodya ndi dizilo wa kuchigayo amene ankanyamulira anthu. Ndinakumbuka chitseko cha kumanzere chomangidwa ndi lamba wa njinga, ndi mmene tinkaimirira kumbuyo titagwira zitsulo, fumbi lili m'mano, tikupikisana kutchula midzi. Kuno ndimakwera sitima tsiku lililonse, koma palibe ulendo umene umandikoma ngati umenewo. Ndawasowa bambo, ndipo ndakusowani nonse.

Pempho langa ndi limodzi. Musawalole a zitsulo aja kuigwira musanayese izi. Mutchajitsenso batire. Mukhale pampando wa bambo, muwerame mpaka chipumi chigunde chiwongolero, dzanja lamanja mulitsitse pamene linkafika lawo. Mufufuze modekha pansi pa mpando ndi m'mphepete mwa chitseko, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mkono wanu ndi wautali ngati wawo, pamene ankafika inunso mufika. Mwina ndikulakwitsa, ine si makaniko, ndimadziwa za mapoto ndi nsalu. Mukapanda kupeza kanthu, gulitsani, sindidzatchulanso.

Koma mukakapeza, amayi musawauze za kaswitchiko. Kwa zaka zonsezi akhala akunyadira kuti anakwatiwa ndi mwamuna amene sankayendetsa galimoto asanalankhule ndi Mulungu. Ndiponso ndani akudziwa? Kudina kaswitchi sikutenga nthawi, koma bambo ankakhalitsa ali chiweramire, milomo ikugwedezeka. Choncho inunso mukawerama musafulumire kudzuka. Mutchule maina athu monga ndikukhulupirira kuti iwo ankachitira, ndipo langa musaliiwale, ine amene ndili kutali.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu a Julia, kwa azakhali ndi amalume, ndi kwa ana onse. Muwauze ana kuti majuzi ali m'chikwama cha a Layton asalimbirane, aliyense yake ilimo.

Pikapuyo ikalira, musandiuze ndi pakamwa. Mungondiflasha, ine ndiimba, inu muike foni pa boneti.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Modesta