Mphini za Asilikali Opanda Nsapato

Lolemba, 6 Sepitembala 2021

Abwana anena poyera: wosabayitsa katemera wa mliriwu pofika pa 17 asadzabwerenso kuntchito, kunyumba ya okalamba kuno. Ntchito ikatha viza yathanso, ndipo mwamuna wanga Lamson sadzaponda kuno ku Perth. Koma apongozi pafoni: "Margreth, mukabayitsa zimenezo, mdzukulu sitidzamuona." Zaka zonsezi m'banja, kumsana kulibe kanthu. Ndili ndi mantha, ndisaname.

Lachiwiri, 7 Sepitembala

A Bennett a chipinda chakumapeto anali mphunzitsi wa mbiri yakale. Dzina langa amaliiwala tsiku lililonse, koma za anthu amene anafa kalekale ayi. Lero ndikuwameta ndevu ayamba za Amereka. Akuti nawonso anali pansi pa mfumu ya Angerezi ngati ife. Ine ndinkayesa Amereka anabadwa ali bwana! Misonkho itawakwana anakwera zombo padoko n'kutaya tiyi yense m'nyanja. Ndinaimitsa lezala. Mayi anga anathyola tiyi ku Thyolo mpaka zala kupindika, akanamva izi akanawatukwana. Komabe kulimba mtima kwakeko.

Lachinayi, 9 Sepitembala

Musitima ya ku Armadale njira yonse maganizo ali pa anthu aja. Alimi, osula zitsulo, ogulitsa m'sitolo, kukaputa asilikali oopedwa dziko lonse. Nyengo yozizira ena analibe nsapato, kumene adutsa kunkadziwika ndi magazi. Ine kazizidwe ka kuno komweka ndimalira ndi majuzi awiri.

A Bennett akuti anthu aja analemba kuti anthu onse analengedwa ofanana. Ndinati nanga akapolo awo? Anayang'ana pawindo. "Pamenepo ananama," anatero.

Lamulungu, 12 Sepitembala

Kutchalitchi mnzanga Aleke akuti, "Ine ndinabayitsa kalekale sisi, mchira mwauona?" Ali ndi ana atatu, kuseka n'kosavuta.

Lachiwiri, 14 Sepitembala

Powasambitsa a Bennett ndinapinda malaya, ndipo anaona mphini zanga pamkono, zimene mayi anakanditemetsa ndili wakhanda. Ndimazibisa chiyambire tsiku lija mnzanga wa kuno anakandinenera kwa abwana kuti ndimadzicheka ndekha.

A Bennett anandigwira mkono osaulekanso. Akuti pankhondo ija nthomba inkapha asilikali kuposa mfuti. Ndiye mkulu wawo, Washington, analamula kuti onse atemedwe pamkono, pachilondapo apakepo mafinya a munthu wodwala nthomba. Dala. Mobisanso, chifukwa Angerezi akanamva kuti gulu lagona akanalimaliza. Anadwala, ochepa anafa, otsalawo nthomba sinawakhudzenso.

Kenako anati zaka zambiri nkhondo isanayambe, mumzinda wa Boston, njira imeneyi anaulula ndi kapolo wochokera ku Africa. Anaonetsa mbuye wake chipsera n'kunena kuti kwathu timatere.

Madzi anazizira m'beseni ndili chiimire, mpaka iwo anati, "Mtsikana, dzina lako ndani? Ndikumva kuzizira."

Lachitatu, 15 Sepitembala

Tsiku lonse ndikungoona munthu uja akupinda malaya. Anamulanda kwawo, anamulanda dzina, koma mkono wake unabwera ndi mankhwala. Ndipo anyamata opanda nsapato aja ankadziwa kuti mphiniyo ikhoza kuwapha, natambasula mkono.

Zoti ndidzabereka kapena ayi sindikudziwa. Dokotala anati katemera alibe nazo kanthu. Mantha sanathe.

Lachinayi, 16 Sepitembala

Kufamase, pampando wodikirira akakubaya. Namwino anafunsa mkono uti. Ndinapinda wakumanzere mpaka paphewa, mphini zonse poyera. Anayang'ana, ndinati, "Zakwathu izi. Bayani pamwamba pakepo."

Mkono wayamba kulemera. Foni ikulira, ndi apongozi. Ndiyankha ndili pompano.