Zala zanga pa kambale koyera

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno ku Ntchisi tilipo, ndipo chifuwa cha amayi chija chatha. Za maliro a azakhali ku Dzoole munamva kale, koma pali china chimene sindinakuuzeni.

Kuntchito kuphiri, komwe timaulutsira mawu a wailesi, kunabwera kambale koyera katsopano kotseka paipi yodutsamo mphamvu. Abwana, bambo achikulire, anandipatsira okha. Ndinachita manyazi kulandira nditavala magolovesi, ndiye ndinavula n'kulandira ndi manja awiri. N'kuti nditangodya mtedza wokazinga.

Titayatsa makina, kambale kanathetheka n'kung'aluka, zala zanga zitadindika bii pamenepo. Injiniya anandifotokozera kuti mafuta a m'zala amachulukitsa maelekitironi, tizinthu tosaoneka ta magetsi: imodzi ikagunda kambaleko imatulutsa ena angapo, amenewonso amatulutsa ena, mpaka moto.

Wailesi inakhala chete masiku atatu, omwewo amene azakhali anatisiya. Uthenga wa maliro sunaulutsidwe. Ana awiri a azakhaliwo, olima fodya kuesiteti kopanda foni, anafika thupi litaikidwa kale.

Amayi amangoti, "Anthu a wailesi alibe chisoni." Amanena zimenezi akundithirira madzi osamba m'manja.

Ndilangizeni, achimwene, ndiwauze amayi kodi? Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane