Tonse Awiri M'matope

Linga la Montferrol,
Tsiku la Yohane Woyera, 1247

Okondedwa achemwali anga a Mahaut,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Flandre kozizirako, pamodzi ndi alamu ndi kamwana kanu kamene sindinakaonebe. Kuno tili bwino, kupatula nthiti zanga. Khalani pansi, mumve mmene zinapwetekera.

Bambo andipezera mkazi. Ndi Ermengarde, mwana wa a Gaucher a ku Brassac, omwe aja takhala tikulimbirana nawo mlatho kuyambira nthawi ya agogo. Akuti ukwatiwu uthetsa udani. Ine ndinavomera chifukwa cha banja lathu basi, musaganize zina.

Pokondwerera chinkhoswe anakonza masewera a mikondo pa akavalo, ndipo ine anandiika kuti ndilimbane ndi Raoul, mchimwene wake wa mtsikanayo, chimunthu chachifuwa ngati mbiya ya vinyo. Akundimanga zovala zachitsulo, bambo anandikoka khutu.

"Ukamugwetse ameneyo. Ukagonja, usabwerere pakhomo panga."

"Nanga ndikamuthyola khosi, ukwati ukhalapo?" ndinafunsa.

"Umugwetse mwaulemu, chitsiru iwe!"

Ndikupita kwa kavalo, Ermengarde anandiimitsa. Aka kanali koyamba kundilankhula. Ali ndi kampata pakati pa mano, koma zimenezo sindinazilabadire.

"Bwana Enguerrand," anatero, "mukamupweteka Raoul, sindikwatiwa nanu."

"Ndiye ndigonje?"

"Ayi. Mwamuna wogonja ndimutani ine?"

Achemwali, ndinakwera kavalo mutu uli zweee! Lipenga litalira ndinangotsinzina, n'kupempha Mulungu kuti asankhe yekha. Tinagundana pakati pa bwalo, mikondo yonse iwiri n'kuthyoka. Nditatsegula maso ndinali chagada m'matope, miyendo m'mwamba ngati kamba. Pambali panga panali Raoul, nayenso chagada, akulavula udzu.

"Alamu," anatero akupuma movutika, "mwafa?"

"Sindinafe. Inu?"

"Ndikuganizirabe."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Bambo analumpha akukuwa kuti Raoul ndiye anayamba kugunda pansi. A Gaucher anati bodza, anaona ndi maso awo. Ndinaopa kuti asololerana malupanga, koma anakangana mpaka kukhosi kuuma, n'kuitanitsa vinyo. Pamene nyama ya gwape inkafika patebulo, anali atakolekana mikono, akuimba nyimbo za kunkhondo, aliyense akunenabe kuti wapambana ndi mwana wake. Za mlatho palibe anazitchula.

Ermengarde anabwera n'kundipukuta matope kumaso ndi mkono wa diresi lake, diresi latsopano. Anati, "Mwamvera zonse ziwiri. Mukuoneka kuti muphunzitsika." Ine ndinangogwira nthiti zija, zimene zinayamba kupweteka nditagwa. Kuyambira pamenepo ndimapita ku Brassac kawirikawiri, kukaona mmene Raoul akupezera. Iye anachira kalekale.

Tsopano pempho langa. Ukwati uchitika tikatha kukolola mphesa. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo mwana ndi wamng'ono, koma bwerani. Mudzandiphunzitse kuvina, chifukwa ndimaponda anthu. Komanso pakhomo la tchalitchi pafunika wina woima pamene akanaima malemu amayi. Bambo sanena, koma dzulo analamula kuti chipinda chanu achisese, ndipo anakaona okha ngati zenera likutsekeka bwino.

Mundiperekere moni kwa alamu. Kamwanako mukauze kuti kali ndi amalume amene sanagonjepo.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Enguerrand