Amayi Awapatulira Mbale

Achimwene,

Zija mwanena pafoni, zoti wothawa sukulu ngati ine ndizikhala chete, ndamva. Moni ndikupatsanibe. Kuno ku Chilobwe tadzuka, koma amayi mtima suli m'malo.

Chiyambireni kuwawotcha chotupa chija ndi makina a rediyeshoni, akazi anu awapatulira mbale ndi kapu, ana akuwaletsa kuwayandikira. Ati mphamvuyo imatsalira m'thupi. Adokotala anandiuza kuti makinawo akazima, zathera pomwepo. Dzulo ndinadyera dala mbale yomweyo, mpaka pano sindinayake ngati babu.

Chonde aimbireni alamuwo lero, inu amakumverani. Mulungu akusungeni ku Joniko. Lolemba amayi akuyenera kubwerera kuchipatala, koma m'mawa uno andiuza kuti, "Iwe Yona, ngati kuchira kwake n'kosanyamula adzukulu anga, kumakinako sindipitanso."