Mtsuko Umodzi ku Kyun Thaya

5 Meyi 2008, kunyumba ya amonke

Anthu a m'mudzi namondwe asanafike: 412.
Amoyo: 97.
Pakhomo panga: tinalipo 8, tatsala 2, ine ndi mdzukulu wanga Thuzar, wa zaka zitatu.
Maiwe akumwa: 3, onse mchere ndi mitembo.
Mitsuko ya madzi a mvula yosasweka: 1. Makapu 280.
Ana: 14.

Sayadaw, mkulu wa amonke, andipatsa mtsukowo. Akuti, "Daw Thaung Yi, munaphunzitsa masamu zaka zonse zija, gawani ndinu." Makapu awiri pa mwana, masiku khumi. Akulufe madzi a kokonati.

7 Meyi

U Po Sein, msodzi, wapulumutsa kawailesi. Zombo za kunja zaima panyanja pompa, zodzaza mankhwala ndi makina oyeretsa madzi. Akuluakulu a asilikali olamulira dziko sanazilole kulowa, akuti akuganizabe. U Po Sein akuti, "Asayaye, ayamba liti kuganiza amenewa?" Tinaseka. Manyazi pambuyo pake.

9 Meyi

Tsiku lachisanu ndi chiwiri chipitireni namondwe. La mwambo wodonthezera madzi akufa athu, amonke akupemphera, kuti zabwino zathu ziwafike. Mabanja 41, lililonse likufuna kapu yake ya mumtsuko. Ndinakana. Ma Ohn Kyi, amene wataya ana anayi, anandiloza chala: "Amayi inu, mtima wanu ndi bolodi la kusukulu? Ana anga apite chimanjamanja?" U Po Sein anati zombo zilowa mawa, wailesi yanena.

Ndinatsegula mtsuko. Inenso ndinadontheza yanga, ndikutchula mayina asanu ndi limodzi. Kenako madzi onsewo tinakathira pansi pa mtengo, monga mwa mwambo. Atsala makapu 127.

13 Meyi

Boti la asilikali. Makatoni 20 a madzi a m'mabotolo, zilembo zachilendo zomatidwa dzina la mkulu wawo. Anatiika pamzere, wojambula patsogolo. Thuzar anamugwiritsa botolo. Atajambula, makatoni onse mubotimo. Kamsilikali kanamulanda botololo mosandiyang'ana: "Pepani agogo, n'zowerenga kale."

Dokotala wachilendo akuti am'bweza pamseu wa ku Bogale. Alibe chidindo.

Atsala 15.

14 Meyi

Mtsuko gwa. Nkhuni zonyowa, machesi palibe. Ndasefa madzi a padziwe ndi mpango wanga, katatu. Thuzar wamwa.

16 Meyi

Mvula, yambiri. Mtsuko wasefukira. Thuzar watsegula m'mimba ka 11 chichokereni m'mawa. Maso alowa. Zombo zikadali pomwe paja.

18 Meyi

Makapu amene tinadonthezera akufa: 41.
Ndi 15 otsala aja: 56. Masiku awiri ndendende. Mvula inabwera tsiku lachitatu lake. Ndabwereza kanayi, sizikusintha.
Zombo zolowa: 0.
Mabotolo otisiyira: 0.
Ana: 11.
Pakhomo panga: 1.

Daw Thaung Yi