Datsun, Mahampu ndi Amake Cheryl

Loweruka, 1 Juni

Sabata loipa. Mahampu asanu ndi awiri kuchoka pano pa Kabwata kukafika kutchalitchi ku Woodlands, ndipo pa hampu iliyonse mkazi wanga, amake Cheryl, kutsika kuti Datsun idutse osakhula mimba pansi. Zaka zitatu tikuchita choncho, palibe anafa. Koma lero anali mu yunifomu ya Dorika, gulu la azimayi a kutchalitchi, ndiye pa hampu yachinayi kondakitala wa minibasi anawafunsa ngati akukankha kapena akungoperekeza. Kunyumba mawu ochepa: akadzatsikanso pa hampu, motoka ipita kwa a Musonda a ku Kabulonga, amene akhala akuilakalaka chaka chonse. Andipatsa mpaka pa 22, tsiku limene adzatsogolere mapemphero a azimayi.

Motoka ya malemu atate, ya 1975, mipando iwiri. Mkati imanunkhirabe mafuta awo a m'mutu. Sipita kwa munthu.

Lolemba, 3 Juni

Masipuring'i atopa, basi. Zimenezi sizifuna digiri. Mafiriji ndinaphunzira ndekha, mawaya ndekha. Pa foni ndapeza olimba kwambiri, a motoka za mpikisano. Ba Ezekiel, makaniko wa ku Chelstone, akuti ndi olimba inde, koma aafupi, motoka idzatsika kuposa mmene ilili. Ndawauza pamaso kuti akalamba. Ndagula.

Lachinayi, 6 Juni

Yalephera kutuluka pageti langa lomwe. Ekizozi, paipi ya utsi, yathothoka, ndainyamula pamanja. Sindilemba zambiri.

Lamulungu, 9 Juni

Ku Chelstone, pa minibasi. Ba Ezekiel sanaseke, ndipo ndi zimene zandiwawa kwambiri. Akuti sipuring'i sasankha ndi mkwiyo, amasankha malinga ndi kulemera kwa okweramo. Yofewa ikhulitsa, yolimba mopitirira ithyola msana. Ine makilo 68. Nanga amayi?

Funso losavuta. Ndawafunsa patebulo, Cheryl ndi mwamuna wake ali pomwepo, chifukwa ine sindizungulira. "Amake Cheryl, muli ndi makilo angati?" Anaika supuni pansi. Mkamwini anati akukaona ngati wakhoma motoka yake, chonsecho anabwera wapansi.

Lachitatu, 12 Juni

Masiku atatu osandilankhula. Tiyi ndikumupeza atazizira. Ndalakwa chiyani? Kuchipatala amawafunsa zomwezo, ndipo amayankha bwinobwino.

Lachisanu, 14 Juni

Nzeru. Ndabwezeramo masipuring'i akale. Ndimakumbukira kuti amake Cheryl akakhala, pakati pa tayala ndi madigadi pamalowa zala ziwiri zokha. Ndaika thumba la simenti pampando wawo, zala zinayi. Limodzi ndi theka, zitatu. Matumba awiri, zala ziwiri ndendende. Ndaimbira Ba Ezekiel dzuwa lisanalowe. Anati chiwerengerocho chikhale cha awirife, ngakhale Mulungu angochidziwira mumtima.

Lolemba, 17 Juni

Tamangirira atsopano, aatali pang'ono, olimba mwapakati. Tinawapeza pa shopu ina kuseri kwa City Market. Kuyesa: matumba awiri pampando, ndawamanga lamba. Mahampu onse, kupita ndi kubwera, osakhula ngakhale kamodzi. Ndinaimba nyimbo. Ndayesanso ndi limodzi ndi theka, motoka kumangodumpha ngati mbuzi. Awiri ndiwo muyeso wake.

Pobwera Bana Jesse, aneba athu, amenenso ndi mlembi wa Dorika, anandiimitsa. Shani, muli bwanji, mukumanga chiyani? Ndawauza zoona. Sindikumanga kanthu, awa ndi amake Cheryl.

Lachiwiri, 18 Juni

Dorika yonse yamva. Wina watumiza pa foni chithunzi cha matumba atavala lamba. Amake Cheryl alankhula tsopano, koma osati kwa ine. Aimbira a Musonda kuti abwere Lamulungu m'mawa.

Masana onse ndakhala m'motoka, injini yozima. Atate ankati pakamwa panga padzandiyendetsa wapansi.

Loweruka, 22 Juni

Amake Cheryl akwera. Akuti pangano ndi pangano, akufuna aimve ndi makutu awo ikukhula. Yunifomu yosita, maso kutsogolo. Hampu yoyamba, zii. Yachiwiri. Pa yachinayi anagwira chitseko mwachizolowezi, kenako anachisiya. Yachisanu ndi chiwiri, zii.

Pageti la tchalitchi sanatsike msanga. Anakonza duku pagalasi, osandiyang'ana. "A Musonda akabwera muwapatse tiyi, azipita. Koma poyamba mupite kwa Bana Jesse, mukanene kuti munalakwitsa kuwerenga. Linali thumba limodzi ndi theka."

Zaka 59 sindinanamizepo munthu. Ndipo ndinayesa ndekha, limodzi ndi theka motoka imadumpha. Ba Ezekiel ndi mboni.

A Musonda akubwera mawa 9 koloko. Kwa Bana Jesse ndipita 7. Limodzi ndi theka. Limodzi ndi theka. Ndikuyeserera kuti pakamwa pazolowere.