Tsiku Limene Anandiseka pa Maliro a Achemwali

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko? Ndine Zakeyu, mwana wanu wolekeza sukulu pa kwarta kalasi uja, kalasi yachinayi, amene munkati pakamwa pake sipadzatseka ngakhale m'bokosi. Mano atsala anayi, koma pakamwapo pakadali chitsegukire.

Kuno ku Domwe kachewere wachita bwino, nyemba zinapsa ndi chisanu. Mdzukulu wanu Luwiza ali ndi mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yomwe ija, ndamupepesa kale.

Koma nkhani yandikhazika pansi ndi iyi. Achemwali a Rozariya anakutsatirani mwezi wathawu. Mwina afika kale, ngati sanaime panjira kukangana ndi munthu. Ali m'chipatala ku Ulongwe anandigwira dzanja, nandipempha kuti akapita, wina adzawalire monga munkalirira inu. Kwaya yokha ayi.

Kaliridwe kanu sindinakaiwale. Munkayambira kumsewu musanafike pasiwa, ndipo simunkatamanda munthu. Munkatchula khasu lake lopindika mpini, katsokomoledwe kake, mbuzi imene ankaitukwana m'mawa uliwonse, mpaka azibambo okhala pansi pa mtengo ankabisa nkhope m'zipewa. Munkati, "Wakufa samulira ndi mawu obwereka, mutchuleni zake." Odziwa zimenezi anatha, amayi. Masiku ano amaimba za m'buku, nyimbo imodzimodzi kwa aliyense.

Ndinapempha azimayi onse a pabanja, onse akuti sadziwa poyambira. Ndiye tsiku loika, bokosi litatuluka m'nyumba, ndinaimirira ine, mwamuna, nkhalamba, pakati pa azimayi. Anthu anaseka. Sindikuwadandaula ayi. Zaka zonsezi ndakhala mdzukulu wokumba manda, ndine ndimaseketsa anamfedwa kuti alawe chakudya, ndiye aliyense anayesa Zakeyu wayambapo. Ngakhale akatekisita anabisa kukamwa ndi buku.

Koma ndinayamba. Ndinatchula mpango wofiira wa achemwali, chala chawo chimene chinaduka ndi chikwakwa, ndi momwe ankandiberekera kumbuyo iwonso ali kamwana, miyendo yanga ikukokeka pansi. Mawu anga ndi a khwangwala, mukuwadziwa. Komabe kuseka kunatha. Kenaka sindikudziwa mmene ndinadumphira, ndinangozindikira ndikutchula mtondo wanu umene tinausiya pothawa nkhondo, ndi mapazi anu otupa tikulowa ku Dedza.

Paja inu sitinakulireni. Tinakuikani mwachangu m'dziko la eni. Adzukulu kunalibe, ndinakumba ndekha, mwana kukumbira make, uku ndikunena nthabwala, chifukwa ndinkaopa kuti ndikangoti chete ndigwera m'dzenjemo. Inu amene munalira mudzi wonse munapita ngati mlendo wodutsa. Zimenezi zandidya zaka zoposa makumi atatu, ndipo sindinauzepo munthu, ngakhale mai a kunyumba.

Tsiku lija za achemwali ndinamaliza. Zanu ndinalekeza pakati, ana anandigwira n'kundikhazika pamkeka. Zatsala zambiri.

Tikakumba kachewere ndidzakwera shapa, minibasi zathu zija, mpaka pa Kalomwe, ndidzaoloka malire kulowa ku Dedza. Ndamva kuti pamene panali msasa wathu anthu analimapo chimanga, mwina manda anu sindikawapeza. Ndikakalephera, ndikapempha mwini munda, ndikaima pakati pa mizere, n'kutchula zanu zonse chimodzichimodzi mpaka zithe. Ndalonjeza, ndipo ulendo uno sindikuseka.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Zakeyu